Al-Kindi, katswiri wa ku Baghdad amene adawerenga zilembo kuti atulukire zobisika



Ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE akafika pa mutu wa probability m'masamu, amapeza buku ladzaza ndi zithunzi za madayisi, makadi ndi ndalama yachitsulo yoponya m'mwamba. Kholo likasuzumira m'kope la mwana silingalakwe kufunsa ngati kusukulu kuno tayamba kuphunzitsa juga. Funsoli ndi lomveka. Juga ndi yoletsedwa m'Qur'an, mu Surah Al-Maidah, ndipo ndi zoona kuti ku Ulaya masamu amenewa adakulira pakati pa anthu otchova juga. Koma masamuwa ali ndi muzu wina wakale kuposa pamenepo, ndipo muzu umenewo suli pabwalo la juga. Uli m'chipinda cha munthu wina wa ku Iraq amene adakhala pansi ndi pepala ndi cholembera, n'kuyamba kuwerenga kuti chilembo chilichonse chabwera kangati. M'kalata ya mwezi uno tikufotokozerani za moyo wake.

Dzina lake lonse ndi Abu Yusuf Yaqub ibn Ishaq al-Kindi. Adabadwira mumzinda wa Kufa cha m'ma 801. Adali wa fuko la Kinda, fuko lakale la Aluya lomwe lidatulutsapo mafumu Chisilamu chisadafike, ndipo mmodzi mwa makolo ake akale adali al-Ash'ath ibn Qays, amene adakhala m'nthawi ya Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Bambo ake a al-Kindi, Ishaq, adali bwanamkubwa wa Kufa. Mwanayu adakulira m'banja losasowa kanthu, ndipo atakula adapita ku Baghdad, likulu la ufumu wa Abbasid, kukapitiriza maphunziro.

Baghdad wa nthawi imeneyo adali mzinda watsopano. Khalifa al-Mansur adaukhazikitsa mu 762, ndipo pomwe al-Kindi ankafika, luso lopanga mapepala lomwe lidachokera ku China linali litafika kale mumzindawo. Pepala lidachititsa kuti buku lisakhalenso chinthu cha mafumu okha. Anthu achuma ankalipira akatswiri kuti amasulire m'Chiarabu mabuku a Agiriki, Aperezi ndi Amwenye onena za mankhwala, nyenyezi, masamu ndi nzeru zakuya. Al-Kindi adadziwika msanga kwa Khalifa al-Ma'mun, amene adalamulira kuyambira 813 mpaka 833, ndipo Khalifa wotsatira, al-Mu'tasim, adamusankha kuti akhale mphunzitsi wa mwana wake Ahmad.

Ntchito yake yoyamba yodziwika idali yotsogolera gulu la omasulira mabuku. Ambiri mwa omasulirawo adali Akhristu odziwa Chigiriki ndi Chisiriya. Iwo ankamasulira, iye ankakonza Chiarabu chake ndi kufunafuna mawu oyenera pa maganizo omwe chiyankhulocho chidalibe dzina lake. Kudzera m'gulu limeneli, zolemba za Aristotle ndi akatswiri ena akale zidayamba kuwerengedwa ndi Asilamu. Sikuti onse adakondwa nazo. Ena ankati Msilamu alibe chophunzira kwa anthu amene sadadziwe Chisilamu. M'buku lomwe adalembera al-Mu'tasim, al-Kindi adayankha kuti palibe chochititsa manyazi kulandira choonadi ngakhale chichokere kwa mtundu wakutali, ndipo kuti tiyenera kuthokoza ngakhale amene adatipatsa kachidutswa kochepa chabe. Chifukwa cha ntchito imeneyi adapatsidwa dzina loti Faylasuf al-Arab, kutanthauza katswiri wa nzeru zakuya wa Aluya.

Adalemba zambiri zedi. Wogulitsa mabuku wina wa ku Baghdad, Ibn al-Nadim, adalemba mndandanda wa mabuku onse omwe ankawadziwa cha m'ma 987, ndipo pa dzina la al-Kindi adatchula zolemba zoposa 200. Zambiri zidatayika, koma maina ake akutionetsa mtima wa mwini wake. Adalemba za manambala a Chimwenye, omwe ndi makolo a 1, 2, 3 amene tikugwiritsa ntchito lero. Adalemba za kuwala ndi momwe diso limaonera, za zingwe za choimbira chotchedwa oud, za mitundu ya malupanga, ndi za momwe munthu angachotsere chisoni mumtima. Pa zamankhwala adayesa kupeza njira ya masamu yodziwira mphamvu ya mankhwala osakaniza. Tikayang'ana ntchito zonsezi timaona khalidwe limodzi. Pomwe ena ankanena kuti chinthu ndi chambiri kapena chochepa, iye ankafuna kudziwa kuti ndi chingati.

Khalidwe limenelo ndi lomwe lidabala kabuku kakang'ono komwe katikhudza ife lero, Risala fi Istikhraj al-Mu'amma, konena za kumasulira makalata olembedwa mwachinsinsi. Ufumu wa Abbasid udali waukulu, ndipo makalata a boma onena za misonkho, asilikali ndi adani ankayenda mitunda italiitali. Kuti wogwira kalata panjira asamve kanthu, alembi ankasinthanitsa zilembo. Chilembo chilichonse chinkalowedwa m'malo ndi chilembo china kapena chizindikiro chomwe olemberanawo adagwirizana. Njirayi inkaoneka yolimba. Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo njira zosanjira zilembo 28 ndi zochuluka kotero kuti nambala yake ili ndi madijiti 30. Munthu woyesa njira imodziimodzi akadakalamba ndi kufa asadafike paliponse.

Luso lowerengera kasanjidwe ka zilembo silidayambe ndi al-Kindi. Al-Khalil ibn Ahmad wa ku Basra, amene adamwalira al-Kindi asadabadwe, adalemba dikishonale yoyamba ya Chiarabu, Kitab al-Ayn, poona njira zonse zomwe zilembo zingasanjidwire. Iye adaona kuti zilembo zitatu zosiyana zimasanjika m'njira 6. Wophunzira aliyense angayese ndi zilembo k, t ndi b. Pamalo oyamba pali zosankha zitatu, pachiwiri zatsala ziwiri, pachitatu chatsala chimodzi, ndipo 3 × 2 × 1 ndi 6. Uku ndi kuwerenga zonse zomwe zingachitike, ndipo ndi phazi loyamba pa funso lililonse la probability.

Al-Kindi adaponya phazi lachiwiri. Adazindikira kuti wolemba kalata angathe kubisa nkhope ya chilembo, koma sangabise kuchuluka kwake. M'chiyankhulo chilichonse muli zilembo zobwerabwera ndi zina zosowa. Chilembo chofala chikavala chizindikiro chachilendo, chizindikirocho chimakhalanso chofala. Choncho malangizo ake adali otere. Tenga nkhani wamba ya chiyankhulo chomwecho, yotalika ngati tsamba lathunthu, uwerenge kuti chilembo chilichonse chabwera kangati, ndipo uzindandalike kuyambira chofala kwambiri. Kenako uwerenge zizindikiro za m'kalata yachinsinsiyo mwanjira yomweyo. Chizindikiro chochuluka kwambiri uchiyerekeze ndi chilembo choyamba pamndandanda, chotsatira ndi chachiwiri, mpaka mawu ayambe kuoneka.

Sadangonena chabe, adawerengadi. Adatenga nkhani ya zilembo 3,667 ndipo adapeza kuti alif adabwera ka 600, kuposa chilembo china chilichonse, kenako lam, kenako mim. Ophunzira a madrasa amene amakumana ndi alif ndi lam pafupifupi pamzere uliwonse sangadabwe nazo. Tikagawa 600 ndi 3,667 timapeza pafupifupi 0.16. Ndiye kuti munthu atatseka maso n'kuloza chilembo chimodzi pankhaniyo, mwayi woti chala chake chagwera pa alif ndi pafupifupi 16 pa 100. Zimene timaphunzitsa m'kalasi ndi zomwezi. Probability ya chinthu ndi kuchuluka kwa zomwe tikufuna, kugawa ndi kuchuluka kwa zonse zomwe zilipo.

Tiyeni tiyese ndi dzina la kwathu kuno. Mawu oti Mtunthama ali ndi zilembo 9. Tidule timapepala 9, tilembe chilembo chimodzi pa kalikonse, tiike m'chipewa. Chilembo a chilimo kawiri, choncho mwayi wotola a ndi 2/9. Mwayi wosatola a ndi 7/9, ndipo tikaphatikiza 2/9 ndi 7/9 timapeza 1, chifukwa chimodzi mwa ziwirizi chiyenera kuchitika basi. Mwayi wotola z ndi 0, pakuti mulibe. Mwayi wotola chilembo chopezeka m'dzina la Mtunthama ndi 1, pakuti china mulibe. Probability iliyonse imakhala pakati pa 0 ndi 1, ndipo wophunzira akapeza yankho loposa 1 pamayeso adziwe kuti wasochera penapake. Tikafuna mwayi wotola a kapena u, timaphatikiza 2/9 ndi 1/9, n'kupeza 3/9, yomwe ndi 1/3.

Nanga kutola a kawiri motsatizana? Apa mpomwe ambiri amataya malikisi. Ngati kapepala koyamba takabwezera m'chipewa, zinthu zabwerera mwakale, ndipo tichulukitsa 2/9 ndi 2/9 kupeza 4/81. Koma ngati sitidabwezere, m'chipewa mwatsala timapepala 8 ndipo a watsala mmodzi. Tichulukitsa 2/9 ndi 1/8, kupeza 2/72, yomwe ndi 1/36. Chochitika choyamba chasintha mwayi wa chachiwiri.

Mfundo yoti chinthu china chimasintha mwayi wa chinzake al-Kindi adaiona m'zilembo. Adalemba za zilembo za Chiarabu zomwe zimakonda kuyendera limodzi, monga alif ndi lam, ndi zina zomwe siziyandikana konse m'mawu amodzi. M'Chichewa chathu zilinso choncho. Chilembo h si chofala ngati a, koma tikaona c m'mawu a Chichewa, chotsatira chimakhala h nthawi zonse, monga m'mawu oti chimanga ndi mchere. Kudziwa chilembo chapambuyo kwakweza mwayi wa h kufika pa 1. Iye adalangizanso womasulira kuti ayese mawu omwe amayembekezeka, monga Bismillah kumayambiriro kwa kalata, chifukwa mawu amenewo akagwirizana ndi zizindikiro, zilembo zingapo zimadziwika nthawi imodzi.

Chomwe chimatisangalatsa kwambiri ife aphunzitsi ndi chenjezo lomwe adaliika pa njira yakeyo. Adanena kuti imagwira ntchito pa nkhani yaitali, ndipo pa kankhani kafupi ingathe kusocheretsa, chifukwa zilembo sizikhala zitapeza mpata woonetsa kuchuluka kwake kwenikweni. Tiyese ndi dzina la boma lathu. M'mawu oti Kasungu muli zilembo 7, ndipo u alimo kawiri pomwe a alimo kamodzi. Munthu wodalira mawu amodzi amenewa anganene kuti u ndiye chilembo chofala kwambiri m'Chichewa. M'mawu oti Mtunthama, a, m ndi t afanana, aliyense kawiri. Koma werengani tsamba lathunthu la kalata ino, mupeza kuti a wasiya anzake onse kutali. Patapita zaka pafupifupi 400, katswiri wina wa makalata achinsinsi, Ibn Adlan, adaika malire ake, kuti kalata ikhale ndi zilembo zosachepera 90, kapena kuti pafupifupi katatu kuchuluka kwa zilembo za Chiarabu. Ndipo mu 1713 mudatuluka buku la Jacob Bernoulli wa ku Switzerland lotsimikizira ndi masamu kuti tikachulukitsa zoyesa, chiwerengero chomwe tikupeza chimayandikira mwayi weniweniwo.

Makolo athu alimi amaidziwa mfundo imeneyi ngakhale sadaione m'buku. Wogula fodya kumsika wa Chinkhoma samasula belo lonse. Amasolola ndindi zingapo n'kuweruza belo lonse ndi zomwe waona. Ngati wangoyang'ana pamwamba pokha, angathe kunamizika, ndipo n'chifukwa chake kusakaniza fodya wabwino ndi woipa m'belo limodzi kumawononga mbiri ya mlimi. Chimodzimodzi mbewu. Amene wasunga chimanga cha mbewu angatape njere 100 kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, n'kuziika pa chiguduli chonyowa kwa masiku angapo. Tiyerekeze kuti zamera 85. Ndiye kuti mwayi woti njere imodzi imere ndi pafupifupi 85/100, ndipo woti isamere ndi 15/100. Akabzala njere imodzi paphando, ayembekezere kupakiza mapando pafupifupi 15 pa 100 alionse. Akabzala ziwiri, mwayi woti zonse zikane ndi 15/100 kuchulukitsa ndi 15/100, pafupifupi mapando awiri okha pa 100. Koma akadayesa njere zisanu zokha, zonse n'kumera, akadapita kumunda ndi chikhulupiriro chopanda maziko, ndipo akadazindikira mvula yoyamba itapita kale. Apa palibe dayisi. Pali chakudya cha banja cha chaka chonse.

Moyo wa al-Kindi sudathe mwaulemu momwe udayambira. Mu 847 ufumu udapita kwa al-Mutawakkil, ndipo anthu omwe adali pafupi ndi makhalifa akale adayamba kutaya malo. Wolemba mbiri ya asing'anga, Ibn Abi Usaybi'a, amafotokoza kuti abale awiri, Muhammad ndi Ahmad, ana a Musa ibn Shakir, omwe nawonso adali akatswiri a masamu ndi makina, adamuneneza al-Kindi kwa Khalifa. Adakwapulidwa, ndipo mabuku ake onse adalandidwa n'kuikidwa m'nyumba ina yomwe idatchedwa al-Kindiyya. Tangoganizani munthu wa zaka pafupifupi 50, amene adaphunzitsapo mwana wa Khalifa, akuona ntchito ya moyo wake wonse ikunyamulidwa ndi anzake a ntchito imodzi.

Mbiri yomweyo imati mabukuwo adabwerera mwanjira yosayembekezeka. Abale aja adapatsidwa ntchito yokumbitsa ngalande yaikulu ya madzi ya Khalifa, koma miyeso idalakwika ndipo madzi sankayenda bwino. Khalifa adatuma katswiri wina, Sind ibn Ali, kuti akafufuze. Abalewo, poopa chilango, adakamupempha kuti awathandize. Sind sankagwirizana ndi al-Kindi, komabe adakana kumva pempho lawo mpaka atabweza mabuku a mwini wake. Mabuku adabwezedwa. Al-Mutawakkil adaphedwa mu 861, ndipo al-Kindi sadabwererenso pa ulemerero wake wakale. Adamwalira ku Baghdad cha m'ma 870.

Atamwalira, dzina lake lidafika ku Ulaya kudzera m'mabuku ake omwe adamasuliridwa m'Chilatini, ndipo kumeneko ankamutchula Alkindus. Gerolamo Cardano wa ku Italy, amene adakhala m'zaka za m'ma 1500, adamuika pa mndandanda wa anthu 12 anzeru zakuya kwambiri omwe ankawadziwa. Cardano yemweyo ndi amene adalemba buku loyamba lowerengera mwayi wa madayisi, pakuti iye adali wotchova juga, ndipo bukulo lidasindikizidwa mu 1663, mwini wake atamwalira kalekale. Mu 1654 Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat a ku France adalemberana makalata pa funso la momwe angagawire ndalama za masewera omwe adukizidwa pakati, ndipo malamulo ambiri omwe ali m'buku la MSCE adakula kuchokera pamenepo. Tisanamizane, al-Kindi sadalembe malamulo amenewo. Chomwe adachita ndi kutenga sampulo, kuwerenga, kugwiritsa ntchito chiwerengerocho poweruza chinthu chomwe sankachiona, ndi kuchenjeza za sampulo yochepa. Kabuku kake ka makalata achinsinsi kadakhala kosadziwika kwa zaka mazana ambiri, mpaka akatswiri a ku Damascus adakapeza m'nyumba ya mabuku ya Süleymaniye ku Istanbul n'kukasindikiza mu 1987. Kuyambira pamenepo, olemba mbiri ya statistics amakatchula pakati pa zolemba zakale kwambiri zoweruza chinthu pogwiritsa ntchito chiwerengero cha sampulo.

Kwa makolo amene adali ndi nkhawa, tikuti madayisi ali m'buku chifukwa ndi osavuta kuwerengera, ali ndi mbali 6 zofanana basi. Ndipo mwana amene wamvetsa masamu amenewa ndi amene amavuta kumunyengerera kuti akabetche, chifukwa amatha kuwerengera yekha kuti masewerawo adakonzedwa kuti mwini wake azipindula ndipo obetcha ambiri aziluza. Ena amafunsanso ngati kuwerengera mwayi sikulimbana ndi chikhulupiriro chathu choti zonse zili m'manja mwa Allah. Ife timayankha kuti nambala ya probability imayeza kuchepa kwa zomwe ife anthu tikudziwa. Allah akudziwa njere iliyonse yomwe imere ndi yomwe ikane. Mlimi sadziwa, n'chifukwa chake amayesa njere 100 asadabzale, kenako n'kunena kuti insha Allah.

Kwa ophunzira, tili ndi ntchito yoti muchite sabata ino. Aliyense atenge ndime imodzi ya nkhani ino, awerenge zilembo zonse, awerengenso kuti a, i, n ndi k abwera kangati, ndipo alembe mwayi wa chilembo chilichonse. Mukabwera m'kalasi tidzaphatikiza zomwe nonse mwapeza pabolodi. Mudzaona kuti mayankho a munthu mmodzimmodzi akusiyana, koma tikaphatikiza ndime zambiri manambala akukhazikika. Amene ali ndi mng'ono wake kumadrasa angayesenso ndi tsamba la buku la Chiarabu, aone ngati alif akutsogolabe monga adapezera al-Kindi zaka zoposa 1,100 zapitazo. Bwerani ndi pensulo ndi rabala, chifukwa kuwerenga zilembo kumafuna kubwereza kawiri.